PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Tisewere Mapasa, Makhadi Opanda Juga

Mwezi uno ndakutengerani phunziro la masewera a makhadi. Ndikudziwa kuti ena mwadzidzimuka kale: makhadi ku kalabu? Paja kwathu kuno munthu akangoona makhadi m'manja mwa mnyamata, chimene chimayamba kubwera m'mutu mwake ndi juga. Dekhani kaye. Masewera amene ndikufuna tiphunzire salira ngakhale tambala imodzi. Amangofuna maso ndi mutu basi, ndipo mwana wa Sitandade 3 atha kugonjetsa bambo ake anthu onse akuona.

Pa Chingerezi masewerawa amatchedwa Memory, ena amati Concentration, enanso Pairs. Ife ku kalabu kwathu tidangowapatsa dzina loti Mapasa, chifukwa khadi lililonse lili ndi linzake lofanana nalo, ndipo ntchito ya wosewera ndi kuwakumanitsa.

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza pa phunziroli membala aliyense athe:
- kusewera Mapasa ndi kuphunzitsa abale ake kunyumba;
- kufotokoza chimene chimachititsa kuti wina apambane;
- kupanga makhadi akeake ndi kuwagwiritsa ntchito pokonzekera mayeso.

Nthawi: ola limodzi ndi theka.

Zofunika: paketi ya makhadi 52 kapena makhadi opanga nokha, mkeka kapena tebulo, pepala ndi cholembera.

Kaseweredwe kake

1. Chotsani makhadi a joka. Otsalawo ndi 52, kutanthauza kuti pali mapasa 26. Mapasa ndi makhadi awiri a nambala imodzi komanso mtundu umodzi, monga 9 awiri ofiira kapena K awiri akuda.

2. Sakanizani bwinobwino ndipo muwayale chafufumimba pa mkeka, mizere 4 ya makhadi 13. Ngati mukuyamba kumene, kapena muli ndi ana, tengani makhadi 24 okha muyale mizere 4 ya makhadi 6.

3. Osewera akhale awiri mpaka asanu ndi mmodzi. Akhale mozungulira, pamalo poti aliyense aziona makhadi onse.

4. Woyamba atembenuze khadi limodzi, kenako lachiwiri. Akakhala mapasa, awatenge ndi kuseweranso. Akasiyana, awasiye chagada kwa kanthawi kuti aliyense aone, kenako awavundikirenso pamalo omwewo. Apo mpata wapita kwa wotsatira.

5. Makhadi akatha pansi, aliyense awerenge mapasa ake. Amene ali ndi ambiri ndiye wapambana.

Malamulo ndi omwewo basi. Koma pali awiri amene amabweretsa mkangano akapanda kunenedwa poyambirira. Loyamba, khadi silisuntha pamalo pake, ngakhale makhadi oyandikana nalo atatengedwa. Lachiwiri, palibe kusuzumira khadi wekha n'kulibweza msangamsanga. Chimene waona iwe aone onse.

Kodi masewerawa adachokera kuti?

Nzeru yofunafuna zinthu ziwiri zogwirizana ndi yakale kwambiri. Ku Japan, m'nyengo ya Heian, kuyambira chaka cha 794 mpaka 1185, anthu a kunyumba zachifumu ankasewera kai-awase pogwiritsa ntchito zigoba za nkhono zam'madzi. Chigoba chilichonse chili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali imodzi imalumikizana bwino ndi inzake yokhayo. Ku Britain masewera athuwa amadziwikanso kuti Pelmanism, dzina lochokera ku Pelman Institute ya ku London imene inkaphunzitsa anthu njira zokumbukirira zinthu.

Koma nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya ku Switzerland. M'zaka za m'ma 1940 bambo wina dzina lake Heinrich Hurter adadula zithunzi m'mabuku otsatsa malonda n'kuzimata pa timakatoni kuti adzukulu ake azisewera. Mwana wake, William Hurter, adapita ndi nzeruyo ku kampani ya ku Ravensburg m'dziko la Germany, imene lero timaidziwa kuti Ravensburger, ndipo mu 1959 kampaniyo idayamba kugulitsa masewerawa ndi dzina loti memory. Mpaka lero akugulitsidwa m'maiko ambiri. Mwaona? Chiyambi chake ndi agogo, lumo ndi katoni. Zimenezo ifenso tili nazo.

Amapambana ndi ndani?

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu, ndiye mvetserani bwino.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Woyamba kusewera akatembenuza khadi limodzi, pansi pamatsala makhadi 51, ndipo mwa amenewa ndi limodzi lokha limene lingagwirizane nalo. Mwayi wake ndi 1 pa 51. Kunena zoona, poyambirira pafupifupi aliyense amaphonya. Koma kuphonya kulikonse kumaulula makhadi awiri, ndipo amaululidwa kwa anthu onse amene akhala pamkekapo.

Tsono ganizirani izi. Mukakhala osewera anayi, pa makhadi 8 alionse amene atembenuzidwa, anu ndi 2 okha. Enawo 6 amatembenuzidwa ndi anzanu. Munthu amene amatchera khutu pa mpata wake wokha, nthawi ya anzake n'kumacheza kapena kudinadina foni, amataya magawo atatu mwa magawo anayi a zimene akadadziwa. Ndiye ukafika mpata wake amangoti, "Aaa, lero ndilibe mwayi aise." Mwayi wake udadutsa pamaso pake iye akuyang'ana kumbali.

Ine ndaonerera masewerawa kambirimbiri, ku kalabu ndi kunyumba komwe. Kawirikawiri amene amatola mapasa ambiri ndi uja wakhala duu, wosalankhulalankhula, maso ali pamkeka. Nthawi zambiri amakhala mtsikana amene pa zokambirana salankhula kwenikweni, kapena kamwana kamene kangobwera kudzaonerera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa Mapasa mwambi umenewu umaoneka ndi maso: mnzako akalakwitsa, wakuphunzitsa ulere.

Mutu wathu umasunga zingati?

Mwina wina anena kuti, "Ine mutu wanga ndi wouma, sindingakumbukire makhadi 52." Musadandaule, palibe amene amawasunga pongowayang'ana. Mu 1956 katswiri wa za maganizo a munthu wa ku America, George Miller, adalemba kuti munthu amatha kusunga zinthu pafupifupi 7 m'mutu pa nthawi imodzi. Mu 2001 katswiri wina, Nelson Cowan, adaonetsa kuti nambalayo ndi yocheperapo, pafupifupi 4. N'chifukwa chake mayi akakutumani kumsika zinthu zambiri osalemba, mumabwerako mutaiwala mchere.

Nanga amene amakumbukira zambiri amatani? Amamangirira chinthu chatsopano ku chinthu chimene akuchidziwa kale. Njira yotchuka ndi yogwiritsa ntchito malo. Nkhani yakale imati ku Greece, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, mlakatuli wina dzina lake Simonides adatuluka m'nyumba ya phwando, ndipo atangotuluka denga lidagwera anthu onse. Mitembo sinkazindikirika, koma iye adatha kutchula aliyense pokumbukira pamene adakhala. Apo ndi pamene adazindikira kuti mutu wa munthu umagwira malo mosavuta.

Njira imeneyi ikugwirabe ntchito. Mu 1991 Tony Buzan ndi Raymond Keene adayambitsa mpikisano wa dziko lonse wa kukumbukira ku London, ndipo Dominic O'Brien wa ku Britain adaupambana kasanu ndi katatu. Pa mipikisano yotere alipo anthu amene adaloweza ndondomeko ya makhadi onse 52 m'masekondi osakwana 15. Akafunsidwa chinsinsi chawo, amafotokoza njira yomweyi ya malo ndi zithunzi za m'maganizo, kuphatikizapo kuyeserera tsiku ndi tsiku.

Njira zisanu zoti muyese

Yoyamba: ipatseni mizere maina. Ife a ku Mchinji msewu wochokera ku Lilongwe timaudziwa ngati chikhatho chathu. Mzere woyamba utcheni Msundwe, wachiwiri Namitete, wachitatu Kamwendo, wachinayi Boma. Mukaona 7 wofiira, nenani chamumtima kuti "7 wofiira watsikira pa Kamwendo, chakumayambiriro." Amene muli m'maboma ena gwiritsani ntchito msewu wakwanu, kapena malo a pakhomo panu: khonde, khitchini, nkhokwe, khola.

Yachiwiri: sandutsani makhadi kukhala anthu kapena zinthu. K akhale a mfumu, Q akhale anamkungwi, 2 akhale bakha, 8 akhale chiponde chiwiri chosanjikizana. "A mfumu akuda ali pa Namitete" ndi mawu amene amakhalitsa m'mutu kuposa "K, mzere wachiwiri". Chithunzi chikakhala choseketsa chimakhalitsanso kwambiri.

Yachitatu: yambani ndi khadi limene simunalionepo. Ngati palibe mapasa amene mukuwadziwa onse awiri, tembenuzani khadi latsopano. Mwina linzake mudaliona kale, ndiye mungopita kukalitenga. Mukayamba ndi lakale, ndiye kuti mwataya mpata umenewu.

Yachinayi: mukamakayika, yambani ndi lokayikitsalo. Tinene kuti mukudziwa bwino kuti 9 wakuda ali pakona, koma mnzake mukungoganizira kuti ali chapakati. Tembenuzani la pakatilo choyamba. Likakhala lolondola, pitani pakona. Likakhala lina, mukadali ndi mpata wofunafuna linzake la limene latulukalo.

Yachisanu ndi ya akatswiri. Khadi lililonse latsopano limene mwatembenuza limathandizanso amene akubwera pambuyo panu. Mu 1993 akatswiri awiri, Uri Zwick ndi Mike Paterson, adawerengera masamu a masewerawa n'kupeza kuti osewera awiri akakhala osaiwala, nthawi zina ndi nzeru kutembenuza dala khadi lodziwika kale ngati lachiwiri, pofuna kuti mnzakoyo asaone zatsopano. Imeneyi muiyese makhadi akatsala ochepa, muone mmene mnzanu akwinyire nkhope.

Amene mukufuna kudziyesa nokha, sewerani panokha n'kumawerenga kuti mwatembenuza kangati makhadi awiriawiri kuti mutole mapasa onse 26. Masamu amaonetsa kuti munthu wosaiwala ngakhale khadi limodzi amafunika kusewera ka 41 kapena ka 42, tikatengera pakatikati. Inu mukayamba ndi 80 musakhumudwe. Lembani nambalayo, sabata yamawa muyesenso.

Kodi Mapasa angandikhozetse mayeso?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, makamaka kwa anzathu a Sitandade 8 ndi a Folomu 4. Yankho lake ndi lakuti kusewera kokha sikungakukhozetseni. Mu 2010 katswiri wina wa ku Britain, Adrian Owen, ndi anzake adayesa anthu 11,430 amene ankasewera masewera onola ubongo pa kompyuta kwa masabata 6. Anthuwo adapita patsogolo pa masewera amene ankayesererawo, koma pa ntchito zina za mutu panalibe kusintha kooneka. Choncho wina asakunamizeni kuti mukasewera Mapasa tsiku lonse ndiye kuti MSCE yatheka.

Chimene mungatenge pamkeka n'kupita nacho ku buku ndi njira zake. Pali ziwiri zimene akatswiri adazitsimikiza. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adaonetsa kuti munthu amaiwala mwamsanga kwambiri m'maola oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo kubwereza patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America adapeza kuti ophunzira amene adatseka buku n'kudzifunsa zimene awerenga adakumbukira zambiri patapita sabata imodzi kuposa amene ankangobwereza kuwerenga. Pa Mapasa ndi zomwezo. Khadi likavundikiridwa mumakakamizika kulifunafuna m'mutu mwanu. Chitaninso chimodzimodzi ndi notsi zanu: werengani, vundikirani, dzifunseni, kenako onani ngati mwalondola. Mawa lake mubwerezenso.

Pangani makhadi anuanu

Simukusowa kugula paketi. Tolani makatoni a sopo kapena a mabisiketi pa golosale, muwadule mofanana, kukula kwake ngati chikhatho. Chenjerani ndi kumbuyo kwake. Khadi limodzi likakhala ndi banga kapena kona yopindika, aliyense aziliona patali ndipo masewera aonongeka. Ngati katoni ili ndi zolemba, matani pepala la mtundu umodzi kumbuyo kwa makhadi onse. Phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata bwino.

Ubwino wa makhadi opanga nokha ndi woti mapasa atha kukhala zinthu ziwiri zogwirizana, osati zofanana ndendende. Nazi zitsanzo zimene ife tidapanga.

Maina akale ndi atsopano: Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi Chipata, Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Salisbury ndi Harare, Northern Rhodesia ndi Zambia, Nyasaland ndi Malawi.

Zaka ndi zochitika: 1915 ndi kuukira kwa John Chilembwe, 1964 ndi ufulu wodzilamulira, 1975 ndi kusamuka kwa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, 1993 ndi riferendamu ya matipate.

Miyambo ndi malo ake: Ncwala ndi Mtenguleni kufupi ndi Chipata, Kulamba ndi Mkaika ku Katete, Mulhako wa Alhomwe ndi Chonde ku Mulanje.

Za ana: 7 x 8 ndi 56, 6 x 9 ndi 54, chithunzi cha mbuzi ndi liwu loti mbuzi.

Kwa agogo amene sadapite kusukulu jambulani zinthu za pakhomo, chilichonse kawiri: khasu, mtondo, lichero, nkhuku, ngolo, mtedza. Apo palibe amene angadandaule kuti sadziwa kuwerenga. Mungagawenso mwambi pawiri, theka pa khadi ili, theka pa linalo. Pamenepo agogo ndi amene amakhala akatswiri, achinyamata n'kumangokanda m'mutu.

Kukonza mpikisano wa kalabu

Mamembala akazolowera, konzani mpikisano. Agaweni m'magulu a anthu anayi, anyamata ndi atsikana mosakaniza. Wopambana pa gulu lililonse akumane ndi opambana anzake mpaka patsale awiri. Pa ndime yomaliza gwiritsani ntchito makhadi onse 52. Akafanana 13 kwa 13, abwereze ndi makhadi 24. Gulu lililonse likhale ndi woyimbira mmodzi amene sakusewera. Ntchito yake ndi kuona kuti makhadi akubwerera pamalo pake, ndi kuti oonerera sakutsokomola kapena kutsinzinira diso pofuna kuthandiza mnzawo.

Ngati pali katswiri amene akumangosesa makhadi onse ena n'kumagwa ulesi, gwirizanani kuti munthu akatola mapasa katatu motsatizana mpata uzipita kwa wina.

Tsopano tibwerere ku nkhani ya juga ija, chifukwa ndi imene ingamange kapena kupasula zonsezi. Makolo akamakayikira makhadi sakulakwa. Adaona anyamata akutchova ndalama ya mtedza ndi soya pa tsiku limodzi la msika, ndalama imene banja lidaivutikira dzinja lonse. Masiku ano kubetcha kudafikanso pa foni. Komanso lamulo la dziko lathu sililola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo mamembala ambiri m'makalabu mwathu ndi a zaka zosafika pamenepo.

Juga imayamba pang'ono. Wina amangoti, "Tiikepo ka K100 kuti zikome, amwene." Mukalola tsiku limodzi, sabata yamawa ikhala K500, kenako ndewu, kenako makolo aletsa ana awo kubwera ku kalabu. Atsikana ndi amene amayamba kuletsedwa. Mbiri ya kalabu ikaipa m'mudzi, kuikonzanso ndi ntchito yaikulu. Choncho lamulo likhale lolembedwa ndipo liziwerengedwa musanayambe: palibe ndalama, palibe kubetcha chinthu chilichonse, kaya ndi chipwete kaya ndi mayunitsi a foni. Wopambana alembedwe dzina pa pepala la kukhoma, aomberedwe m'manja, ndipo akhale woyimbira pa mpikisano wotsatira.

Musanayambe, komiti ipite kwa a mfumu ndi kwa makolo oyang'anira kalabu kukawafotokozera. Tengani makhadi opanga nokha aja, a zithunzi za khasu ndi mtondo, muwaonetse kaseweredwe kake. Sewererani poyera, pansi pa mtengo kapena pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo kamodzi pa teremu itanani makolo adzapikisane ndi ana awo. Mayi amene wakhala pamkeka n'kugonjetsedwa ndi mwana wake wa zaka 9 amabwerera kunyumba akuseka, ndipo ndi amene amakauza anzake ku chitsime kuti ku kalabu kulibe juga.

Mafunso okambirana

1. Pa gulu lanu wapambana ndi ndani? M'funseni afotokoze zimene amachita nthawi imene anzake akusewera.
2. Kodi ndi pa zinthu ziti m'moyo pamene tingaphunzire pa kulakwitsa kwa anzathu, osadikira kuti zitigwere ife?
3. N'chifukwa chiyani masewera amasintha pakangoikidwa ndalama? Mudaonapo zotani m'mudzi mwanu? Fotokozani osatchula maina a anthu.
4. Mnzanu akaumirira kuti muikepo ndalama, mungamuyankhe bwanji? Awiri ayeserere mwa sewero.
5. Ndi phunziro liti la kusukulu limene mungalipangire makhadi?

Ntchito ya sabata ino

Membala aliyense apange makhadi 24 ndipo akasewere ndi a pabanja pake kosachepera kawiri, madzulo mukatha kudya kapena Lamlungu masana. Alembe amene wapambana ndi zaka zake. Pa msonkhano wotsatira muphatikize zotsatirazo muone ngati opambana ambiri ndi ana, achinyamata kapena akuluakulu. Alembi a makalabu, titumizireni zimene mwapeza kudzera kwa mkonzi wa kalatayi, pamodzi ndi dzina limene mwawapatsa masewerawa kwanuko. Ife a kwa Mlonyeni tikudikira kalabu imene ingadzatiyese.